Dandaulo la Ife Olemba Ana Atagona

Ife amene tagwirizana kutulutsa mawu ano ndife alembi, ngakhale kuntchito kwathu satidziwa ndi dzina limenelo. Kumeneko ndife aphunzitsi, anamwino, makalaliki, alonda, ogulitsa kaunjika, oyendetsa minibasi. Ena mwa ife ntchito yathu ndi ya pakhomo, ija yopanda malipiro ndi tchuthi, yoyamba kusanache n'kutha anthu onse atagona. Chotilumikiza n'chimodzi: aliyense ali ndi kope lobisa pansi pa matiresi, kapena foni yosweka galasi, momwe muli ndakatulo, nthano kapena sewero lomwe lakhala likudikira kumalizidwa kuyambira mwana woyamba ali kumsana, pano mwanayo akukonzekera mayeso a Sitandade 8.

Takhala chete nthawi yaitali. Chatitsegula pakamwa ndi mawu omwe timawamva pafupifupi pa mwambo uliwonse wokhazikitsa buku, komanso pa wailesi. Akuti Amalawi sakonda kuwerenga. Akuti mabuku a Chichewa adathera pa a Ntara, a Gwengwe ndi a Chadza. Akuti alembi a lero ndi aulesi, angofuna kutchuka msanga. Wolankhulayo akatero amaomberedwa m'manja n'kukwera galimoto yake, ife n'kutsala tikuwerengera ya minibasi, mtima uli m'mwamba poti mwana tamusiya kwa aneba ndipo dzuwa lapendeka. Za ulesizo tikuzikana. Imvani kaye momwe tsiku lathu limayendera, kenako muweruze.

Lamulo la ntchito la dziko lino limati munthu asagwire ntchito maola opitirira 48 pa sabata. Papepala zili bwino. Koma mphunzitsi wa pulayimale amene m'kalasi mwake muli ana oposa 100 saweruka belu likalira. Amasenza mtolo wa makope kupita nawo kunyumba kuti akachonge, akalembenso sikimu ndi mapulani a phunziro la mawa. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi adadzaza ndipo sadaphwepo. Namwino wotuluka naiti amafika pakhomo ana akunyamuka kupita kusukulu, tulo take n'kukhala ta masana, todukizadukiza ndi ogulitsa makala ndi ogogoda pachipata. Wogwira ntchito m'tauni koma akukhala ku Bangwe, ku Chirimba, ku Chinsapo kapena ku Area 25 amataya ola popita ndi ola pobwera, ndipo mafuta akasowa amayenda wapansi. Malipiro amatha mwezi usanafike pakati, ndiye pamabwera geni ya madzulo: mandasi, zitumbuwa, kabaza. Zimenezo zisanathe, pali mbaula yoti iyatsidwe, madzi oti akatungidwe poti mpopi wauma, homuweki ya mwana, yunifolomu yoti ichapidwe iume pofika m'mawa, agogo odwala oti apatsidwe mankhwala. Nthawi yolemba ndiye iti? Ndi ija timaiba ku tulo, kuyambira 10 koloko usiku mpaka maso atakana, kapena 3 koloko m'bandakucha mpaka mwana woyamba atadzuka.

Anthu ambiri amaganiza kuti kulemba kumatheka pa timphindi tilitonse totsala, kuti ukhoza kulemba mizere iwiri podikira madzi a nsima, ina iwiri uli pamzere kusikelo, mapeto ake buku latuluka. Amatero ndi amene sadalembepo. Nthano yaitali ili ngati nyemba pa mbaula: ukamangoziphula n'kuziterekanso, makala amatha koma nyembazo sizipsa. Wolemba amafunika kaye alowe m'nkhani yake, akumbuke kuti mtsikana uja anamusiya padepoti ali ndi ndalama zingati m'thumba, kuti malume ake amalankhula motani akakwiya, kuti chinsinsi chija ndani akuchidziwa kale ndipo ndani sanachimve. Kulowako kokha kumadya theka la ola. Ndiye utangolowa, mawu ayamba kubwera okha, kuchipinda n'kumveka: "Amama, ndikufuna kukodza." Pobwerako upeza anthu a m'nkhani aja abalalika, uyambirenso kuwaitana mmodzimmodzi.

Apa pali chinthu chomwe openda zolembedwa za dziko lino sachitchula kawirikawiri. Amadabwa kuti bwanji Malawi ali ndi alakatuli ankhaninkhani, odzaza mabwalo pa Chitsinda cha Ndakatulo ndi m'mawailesi, pamene olemba mabuku a nthano zazitali ndi owerengeka. Ena amati ndi chibadwa chathu, ndife mtundu woimba. Ife tikuti ndi nkhani ya nthawi. Ndakatulo imasungika m'mutu. Ukhoza kuipeka ukuchapa, kuikonza uli mu minibasi, n'kudzailemba pa mphindi khumi. Nthano yaifupi imalola kuti uithere usiku wa sabata imodzi. Koma buku la masamba 200 limafuna miyezi ya maola odekha, otsatizana, ndipo maola otere ali ndi eni ake: osakwatira, opuma pantchito, okhala kunja, kapena amene ali ndi wina kunyumba wowasenzera zonse. Sitikunyoza ndakatulo ayi, ambiri a ife ndife alakatuli ndipo timanyadira. Kungoti alipo pakati pathu amene adasanduka alakatuli chifukwa buku lawo lidakana kukwana m'tsiku lawo.

Pali dandaulo lina lomwe amayi a m'gulu lino aumirira kuti lilembedwe mosapsatira, ngakhale abambo ena pakati pathu amafuna lifewetsedwe. Likuti: inu alembi anzathu aamuna, ola lomwe mumakhala patebulo mwakachetechete lija pali amene amakugulirani. Mukamalemba, wina akudyetsa ana, wina akuwaletsa kusokosa poti adadi ali pantchito. Mayi akakhala patebulo lomwelo palibe woletsa ana, poti amene anawo akumufuna ndi iyeyo. Bambo wolemba amatchedwa wanzeru. Mayi wolemba amafunsidwa ngati ndiwo zapsa. Akamalemba pafoni usiku, funso limakhala lina: "Amake mwana, mukucheza ndi ndani nthawi ino?" Mnzathu wina adalemba ndakatulo yachikondi, mwamuna wake ataipeza nkhani idakafika kwa ankhoswe, ndipo adakhala pamphasa tsiku lathunthu kufotokozera akuluakulu kuti munthu wotchulidwa m'ndakatulomo kulibe. Ankhoswe adagamula kuti, pofuna mtendere wa pabanja, ayambe waleka zolembalembazo. Wina apongozi ake adamuuza maso ndi maso kuti mkazi wokonda mabuku pakhomo pake sipasesedwa. Tchuthi cha uchembere chomwe lamulo limapereka ndi masabata asanu ndi atatu, kamodzi pa zaka zitatu. Chikatha, mayi amabwerera kuntchito akuyamwitsabe usiku wonse. Zaka zomwe mwamuna amanolera luso lake ndi zomwezo mkazi amazithera pa matewera, ndipo akamadzapeza mpata, anthu amati wayamba mochedwa.

Ndiye mbiri isakudabwitseni. Samuel Josiah Ntara adatulutsa Nthondo mu 1933. Buku la nthano yaitali lomwe limadziwika kuti ndi loyamba kusindikizidwa la mayi wa ku Malawi, Love's Dilemma la Walije Gondwe, lidatuluka mu 1985, patadutsa zaka 52, mwini wake akukhala ku Britain. Kodi zaka zonsezo amayi a ku Mzimba, a ku Dedza ndi a ku Mulanje adalibe nkhani? Si iwo amene ankatisimbira nthano pamoto madzulo? Nkhani adali nazo. Chomwe adalibe ndi sukulu yokwanira komanso mpata wokhala pansi.

Ana athu sitikuwadandaula, zimenezo zimveke. Mwana amene adang'amba masamba a kope la amayi ake kuti apangire ndege sadalakwe, iye adangoona pepala. Chotiwawa n'chakuti timakhala ogawikana. Tikakhala ndi ana, mutu uli ku nkhani. Tikakhala pa nkhani, mtima ukutitsutsa kuti mwana uja amafuna timumvere zomwe aphunzitsi anamuuza lero. Akafunsa kachiwiri kuti, "Adadi, mwandimva koma?" umadziwa kuti wagwidwa. Ndipo palibe angatitsimikizire kuti kusinthanitsa kumeneku n'koyenera, chifukwa mwina buku lomwe likuwalanda makolo awolo silidzatuluka n'komwe.

Abale ndi anansi, nanunso tili nanu mawu. Mukationa tili pakhonde ndi kope, mumati tasowa chochita. Telala ali pamakina ake, kapena kalipentala akupala thabwa, mumamupatsa moni n'kudutsa poti ali pantchito. Kwa ife mumakoka mpando. Funso lanu timalidziwa lisanatuluke: "Kodi zimenezi zimadyetsa?" Koma kukagwa maliro mumatikumbukira. Mbiri ya malemu alembe ndani? "Aja amatha kulemba aja." Ndakatulo ya pachinkhoswe, kalata yopempha thandizo la denga la tchalitchi, lipoti la komiti ya sukulu, maminitsi a banki m'khonde, kalata yofunsira ntchito ya mwana wa achimwene, zonse zimatera kwa ife, ndipo zonse zimafunika mawa m'mawa. Sitikana. Maliro n'kulirana, ndipo ifenso tidzafuna otilembera mbiri. Tikungodabwa kuti luso lomweli limakhala lofunika likamatumikira inu mwaulere, koma limasanduka chibwana tikalipemphera Loweruka limodzi loti litumikire buku lathu. Munthu akajomba ku mphakati kapena ku msonkhano wa mudzi chifukwa anapita kudimba kapena kukapikula tomato, aliyense amamumvetsa. Tayesani kunena kuti ndinatsalira kumaliza mutu wachisanu ndi chiwiri, muone nkhope za anthu.

Kuntchito nako n'chimodzimodzi, kungoti kumeneko kumaonjezera mantha. Osewera mpira wa pakampani ndi oimba kwaya amapatsidwa chilolezo, nthawi zina ndi galimoto yomwe. Wolemba akapempha masiku awiri kuti akakhale nawo pa maphunziro a alembi, amauzidwa kuti achotsere pa tchuthi chake, chija adachisungira nthawi yokolola. Nthano yake ikatuluka m'nyuzipepala Loweruka, Lolemba amaitanidwa mu ofesi: "Bwana wakuba mwalemba uja ndi ndani?" N'chifukwa chake ambiri a ife timalemba ndi maina obisika, ndiye kuti ngakhale kambiri kochepa komwe kakadatilimbikitsa timakapereka kwa munthu amene kulibe.

Za magetsi tingonena mwachidule poti aliyense akuzidziwa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba khumi zilizonse, pafupifupi imodzi yokha ndiyo imaunikira magetsi. A kumudzife timalembera tochi ya mabatire. A m'tauni tidaziona namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pomwe kwa chaka ndi miyezi magetsi ankazima maola ambiri, kawirikawiri madzulo, nthawi yokhayo yomwe ili yathu. Laputopu ndi ya ochepa. Ambiri timalemba ndi zala ziwiri pafoni, ndipo foniyo ndi yomweyo mwana akufuna aonerepo katuni, yomweyonso makasitomala amaimbirapo. Ikabedwa, sipita yokha. Alipo pakati pathu amene adataya buku lathunthu motero, ndipo atafunsidwa mtengo wa zomwe zabedwa adasowa choyankha. Wolemba pamanja amalipira otayipa tsamba ndi tsamba, n'kupeza kuti mawu ake awaduladula ndi kuwalumikiza molakwika, pokonza alipirenso.

Tikanena zimenezi pamapezeka wina wotikumbutsa za akuluakulu. Amati Ntara adali mphunzitsi koma adalemba. Amati Benedicto Wokomaatani Malunga adalemba Kuimba kwa Mlakatuli, n'kumasulira buku la Chinua Achebe kukhala Chipasupasu, akugwira ntchito ya mu ofesi ku University of Malawi. Amati Stanley Onjezani Kenani ndi wowerengera ndalama, koma nthano zake zidafika pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Caine kawiri, mu 2008 ndi mu 2012. N'zoona, ndipo timawagwadira. Koma otchula mainawa amaiwala zomwe zidawazungulira akale aja. Ntara ankagwira ntchito ku mishoni ya Nkhoma komwe kudali makina osindikizira, ndipo Nthondo adalilembera mpikisano wa bungwe la ku London lolimbikitsa zolemba m'zilankhulo za mu Africa. Bukulo litapambana, T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi n'kutuluka mu 1934. Kuyambira 1948 kudali ofesi ya boma yosindikiza mabuku ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, yomwe ntchito yake idali kufunafuna zolembedwa m'zilankhulo zathu n'kuzitulutsa. Ku Limbe, a Popular Publications adatsegula mndandanda wa mabuku a alembi a ku Malawi, ndipo magazini ya Moni inkafika kutali. Ku Chancellor College, kuyambira 1970, gulu la alembi linkakumana sabata ndi sabata kuwerengerana ndi kudzudzulana, ndipo m'menemo mudatuluka a Jack Mapanje, a Frank Chipasula, a Lupenga Mphande ndi ena. Mitima yolimba adali nayo, sitikukana. Koma adalinso ndi kopita nazo zolemba zawo, ndi anthu ozidikira.

Sitikuiwala kuti iwo adakumana ndi zomwe ife sitikukumana nazo. Mapanje adamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo ena adathawira kunja. Kudzifanizira ndi iwo kungakhale kupanda ulemu. Lero palibe wobwera usiku kudzatilanda kope. Komabe lamulo lounika zolembedwa la 1968 linkaletsa buku loti lidalembedwa kale, lomwe wina akadatha kulibisa kudenga n'kudzaliwerenga zinthu zitasintha. Athu mabuku akufa asanalembedwe, ndipo otere sadzapezeka kudenga kwa munthu aliyense.

Tinene kuti wina wapirira mpaka wamaliza. Apa ndiye pamayambira ulendo wina. Osindikiza ambiri maso awo ali pa mabuku a sukulu, poti ndi okhawo ali ndi msika wotsimikizika. Sitikuwada, nawonso ali ndi antchito oti awalipire. Buku la nthano likapanda kusankhidwa kuti lilowe m'silabasi ya sekondale, iwo amati ndi katundu wogona. Chomwe sitikuchimvetsa ndi kusayankha. Munthu watumiza ntchito ya zaka zinayi, osalandira ngakhale mizere iwiri yoti tailandira. Ukapita kukafunsa, amene adalandira uja adasiya ntchito, ndipo envulopu sikudziwika komwe ili. Kukanidwa tidakuzolowera, sikupha munthu. Chomwe chimapha ndi kukhala chete, chifukwa umangodikira osayamba china, n'kumadzifunsa ngati bukulo lidawerengedwa n'komwe.

Ndiye ambiri timadzisindikizira tokha. Timatenga ngongole ku banki m'khonde, ena mpaka katapila, ndalama zomwe akunyumba akudziwa kuti zikadagula matumba a feteleza. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, choncho kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wosindikizira udakwera nawo. Amene ankasonkherera pang'onopang'ono ndalama za makope 500 adadzuka tsiku lina zikukwana ochepa kwambiri. Mabukuwo akatuluka, wolemba yemweyo ndiye wogulitsa. Amayenda nawo m'chikwama kuntchito, kutchalitchi, ku ukwati. Sitolo ikawalandira imati tidzakulipirani akagulidwa, ndipo kulondola ndalamazo kumadya ya minibasi yoposa zomwe ukulondolazo. Abale amati, "Langa lija lili kuti?" kutanthauza laulere, losainidwa bwino. Mmodzi akagula, amalijambula tsamba ndi tsamba n'kuliponya pa gulu la WhatsApp, kenako n'kutiimbira foni mokondwa kuti buku lanu lija anthu alikonda. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 lilipo, ndipo bungwe loteteza umwiniwu la COSOMA lakhala likugwira ntchito kuyambira 1992. Koma mphunzitsi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa angasumire ndani, ndi ndalama ziti, pamene wojambulayo ndi msuweni wake?

Za m'miyambo ndiye zoseketsa, koma kuseka kwake kowawa. Okonza mwambo amalemba bajeti ya oimba, ya zokuzira mawu, ya mahema, ya chakudya cha alendo olemekezeka. Mlakatuli amauzidwa kuti apatsidwa mwayi woti anthu amudziwe. Amapeka ndakatulo yatsopano pa mutu womwe amupatsa, amailoweza usiku, amakwera minibasi ndi ndalama zake, anthu amaimirira kumuombera m'manja, iye n'kubwerera ndi botolo la chakumwa. Kunyumba amamufunsa kuti wabweretsa chiyani. Masamba a nthano ndi ndakatulo a m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata timawathokoza kwambiri, poti ambiri a ife tidaonera pomwepo dzina lathu koyamba, ndipo ena tidadula tsambalo n'kulisunga m'Baibulo. Koma nakonso malipiro, akakhalapo, amachedwa ndipo ndi ochepa. Wolemba m'Chichewa ndiye amamenyedwa kawiri, poti mipikisano yambiri ya ndalama zooneka imafuna Chingerezi. Chichewa chidakwezedwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, koma mpaka lero wolemba m'chilankhulochi amafunsidwa kuti adzayamba liti kulemba zenizeni. Nanji wolemba m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena kapena m'Chitonga.

Mwina mufunsa kuti ngati zili choncho bwanji osangosiya. Ambiri adasiya, ndipo tikuwadziwa. Ena adali aluso kuposa tonse amene tatsala. Otsalafe nkhani ndi zomwe sizitisiya. Namwino amene wachezera ndi mayi wobereka akuunikira foni, mphunzitsi amene waona mtsikana wanzeru m'kalasi akusowa mwezi umodzi n'kumveka kuti wakwatiwa, woyendetsa minibasi amene tsiku lililonse amamva dziko lonse likukangana kumbuyo kwake, amenewa ndiwo akumudziwa Malawi wa lero. Mukalola kuti mabuku a dziko lino azilembedwa ndi okhawo amene ali ndi nthawi, mudzakhala ndi mabuku onena za moyo wa anthu amene ali ndi nthawi. Zidzukulu zanu zikadzafuna kudziwa momwe tinkakhalira m'zaka za mizere ya mafuta ndi ya shuga, zaka za kolera ndi namondwe Freddy, zidzangopeza malipoti a mabungwe, olembedwa m'Chingerezi ndi alendo odzacheza masabata awiri.

Zopempha zathu si zazikulu, ndipo zambiri sizifuna ndalama. Inu akunyumba, amuna athu ndi akazi athu, tipatseni maola awiri odziwika pa sabata, oti mwana akalira mudzuke ndinu, mlendo akabwera mumulandire ndinu, ndipo musadzatikumbutse maolawo tsiku lomwe tayambana. Musawerenge kope lathu mobisa, tikamaliza tidzakuwerengerani tokha. Abusa, ansembe, mashehe ndi aphunzitsi aakulu, muli ndi zipinda za matebulo ndi magetsi a sola zomwe zimakhala zokhoma Loweruka masana. Kutsegulira alembi asanu a m'dera lanu sikungakuwonongereni kanthu. Oyang'anira nyumba zowerengeramo mabuku, nthawi yomwe mumatsegula ndi yomwe ife tili kuntchito. Tsiku limodzi pa sabata lotseka 8 koloko usiku lingatulutse mabuku omwe simukuwayembekezera. Bungwe lathu la Malawi Writers Union, lomwe lakhalapo kuyambira 1995, tikulipempha kuti misonkhano ndi maphunziro zizifikanso m'maboma, komanso kuti mayi wobwera ndi mwana kumsana azipeza womugwirirako mwanayo.

Akonzi ndi osindikiza, yankhani, ngakhale yankholo likhale lokana. Mukatenga buku pakhale mgwirizano wolembedwa, ndipo kamodzi pachaka mutiuze makope omwe agulidwa. Okonza miyambo, mzere wa mlakatuli ulowe m'bajeti pafupi ndi wa oimba. A boma, pogulira sukulu mabuku musagule a mayeso okha. Mwana amene sadawerengepo nthano yongomusangalatsa sadzakhala wowerenga, ndipo akadzakula mudzamunenanso kuti sakonda kuwerenga. Muonenso misonkho ya mapepala ndi zipangizo zosindikizira.

Nanu owerenga amene mwafika nafe mpaka pano, mukadzakumana ndi mmodzi wa ife pamsika kapena kuntchito akutulutsa buku m'chikwama mwamanyazi, musamufunse ngati zimadyetsa, ndipo musapemphe laulere. Funsani mtengo, mulipire wonse, ndipo wofuna kukubwerekani mumuuze komwe mwaligula.